Vinyo mu Nsomba ya pa Ubatizo

Sindinauzepo munthu, koma nsomba imene anthu ananyambita nayo zala pa ubatizo wa mwana wanga ndinaithira vinyo. Anali vinyo woyera, wosatsekemera, wochokera kumunda wa makolo a bwana wanga ku lesitilanti ya ku Partick, dera lina kuno kudziko la azungu, komwe ndimaperekera zakudya ndi mowa. Amayenderana ndi nsomba.

Amayi ena akutchalitchi, amene amandisungira mwana ndikapita kuntchito, anaonjezera nsombayo kawiri, kenako n'kuyamba kundilalikira pagulu: "Mwanawe, ntchito yonyamula mabotolo ija isiye, ukumuipitsa mwanayu." Msuzi uli pachibwano! Chikhalirecho mwanayo amadyera ntchito yomweyo. Mtima unandipsa, koma atafunsa chimene ndinathira ndinangoti mandimu. Ndikanaulula, Lolemba mwana ndikanamusiyira ndani? Tandiuzani inuyo, kodi ndinalakwa?