Tsiku limene ndinagwetsa afolomani

Ndinayamba kuphunzira ntchito ku wekishopu ya sitima ku Kanengo ndili mtsikana woti ndikalankhula, munthu ankachita kusendera kuti amve. Sukulu yathu ya zaumisiri inatitumiza kumeneko kuti zimene tinkajambula m'makope tikazigwire ndi manja. Anatiuziratu kuti ikatha miyezi yoyamba, afolomani ndi amene adzanene woti apitirize ndi woti abwerere. Ine ndinkafunitsitsa kupitiriza. Ndinkakonda kuona chitsulo chimene ndamanga ndekha chikukhala pamalo pake osagwedera, ndipo m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku masamba a nthawi imeneyo ali ndi zidindo za zala zagirizi.

Tinkakhala ku Area 12, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu kumene bambo anga ankasamala maluwa ndi kapinga. Kumeneko tinakula tikudziwa kuti phokoso ndi la eni nyumba okha. Wailesi tinkatsegula pang'ono, kuseka tinkatseka pakamwa. Anyamata a ku wekishopu atangomva za Area 12 anayamba kunditchula adona.

"Adona, lero galimoto mwaimika pati?" ankatero ndikamavala ovolosi. Ine ndinkangomwetulira n'kuyang'ana jombo zanga.

Afolomani anali a msinkhu wa bambo anga, onenepa, a imvi m'ndevu. Sankakalipa, koma sankasekanso. Ndikawayankha funso ankangoti, "Sindinamve," n'kupitiriza ntchito yawo mpaka nditabwereza.

Lachisanu lina masana tinkasintha magudumu a bogi yonyamula katundu. Magudumu a sitima amakhala awiriawiri, olumikizidwa ndi chitsulo chimodzi chachikulu, ndipo akachotsedwa amaimikidwa panjanji yolowa m'wekishopu, n'kuwatchinga ndi kachipika kuti asayende. Tsiku limenelo kachipikako kanaterereka pa oyilo. Magudumu aja anayamba kugubuduzika okha, pang'onopang'ono, opanda phokoso lililonse. Afolomani anali atanjuta pakati pa njanji, atafulatira, akufunafuna sipanala imene inagwa. Ena onse anali kuseri kwa bogi. Amene ndinaona ndinali ine ndekha.

Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'choti, "Zikomo bambo." Ndinanena ngati ndikupempha njira mumsika. Sanamve. Basi ndinangothamanga, n'kuwagwira ovolosi pakhosi ndi manja onse awiri, n'kukoka. Anagwa chagada kunja kwa njanji, chipewa chawo chinapita uko, miyendo m'mwamba. Magudumu aja anadutsa n'kukaima okha atagunda chitsulo chotchinga kumapeto.

Anyamata anatulukira akuthamanga. Wina anaseka kamodzi, kenako anadzigwira. Afolomani anadzuka pang'onopang'ono, anayang'ana magudumu, n'kundiyang'ana ine. Anatola chipewa, n'kuyenda chammbali, msana uli kukhoma, mpaka anakalowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Sanatulukenso mpaka nthawi yoweruka.

"Adona, mwagwetsa boma," mnyamata wina anandinong'oneza posamba m'manja. "Lolemba mubwere ndi chikwama chotengera jombo."

Kunyumba ndinafotokoza zonse ndikulira. Mayi anagwira pakamwa.

"Pakhosi? Munthu wamkulu, pamaso pa ana? Nanga pakamwa pako panali chiyani?"

Bambo anga anali akunola sizasi yodulira mpanda. Anati mwina ndinachita bwino, koma munthu wamkulu akachoka osalankhula ndiye kuti zamupweteka mumtima, ndipo zoterozo sizidikira Lolemba. Anati Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi tipita limodzi kukapepesa. Loweruka lonse ndinachapa zovala zimene zinali zoyera kale. Ndinkaganiza za anzanga a kusukulu, mmene adzandifunsire chifukwa chimene ndabwerera ndekha.

Afolomani ankakhala ku Area 4. Ndinkadziwa chifukwa tsiku lina galimoto ya kuntchito inawatsitsa pageti pawo. Bambo anavala jekete yawo ya ku tchalitchi, n'kuthyola mapeyala mumtengo umene abwana awo, eni nyumba yaikulu ija, anawalola kuti azidya. Tinakwera minibasi mpaka ku Old Town, kenako tinayenda wapansi, ine kumbuyo nditanyamula jumbo ya mapeyala.

Tinawapeza atakhala pakhonde atavala kabudula, akumwa tiyi. Sindinawaonepo opanda ovolosi, ndipo anaoneka ngati munthu wina. Akazi awo anali pamphasa ndi singano m'manja. Anapatsa bambo mpando, ine ndinakhala pansi pamphepete pa khonde. Atalonjerana, bambo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Bambo, ndabwera ndi mwanayu. Ndi wanga, koma masana amakhala wanu. Wakugwirani mosayenera, wakuchititsani manyazi pamaso pa anthu. Ndati ndisagone nazo. Ngati n'kumulanga mulangeni, koma ntchitoyi musamuchotse. Amaikonda."

Afolomani anaika kapu pansi. Anayang'ana akazi awo. Mayiwo anayamba kugwedezeka mapewa, kenako anaphulika kuseka, n'kutambasula chimene ankasoka chija m'mwamba. Inali ovolosi ya afolomani, itang'ambika kumbuyo kuyambira m'chiuno mpaka pakati pa miyendo.

"Onani, bambo, chimene chinawatsekera mu ofesi anzanuwa," anatero mayiwo. "Anachita kubwera kuno atamanga juzi m'chiuno ngati mtsikana wa sekondale."

"Iwe, zokamba n'zambiri," anatero afolomani, koma nawonso anali akuseka, misozi ikutuluka. "Achimwene, ine ndikanaima bwanji pamaso pa anyamata aja mphepo ikulowa kumbuyo? Akanandiimba nyimbo mpaka chaka chamawa."

Bambo anga anayesa kudzigwira, koma analephera. Ine ndinangomva ngati wina wandimasula lamba amene anandimanga pachifuwa kuyambira Lachisanu.

Kenako afolomani anasiya kuseka n'kutembenukira kwa ine.

"Mwanawe, ukanapanda kundikoka, bwenzi mayi akowa lero akundiphikira phala la kuchipatala, kapena bwenzi kuno kuli tenti ya maliro. Zimenezo ndikuzidziwa, ndipo kachipika kaja ndinayenera kukaona ndine. Ntchito sukuchoka. Koma ndikufunse: usanandigwire, unanena chiyani?"

"Ndinati zikomo bambo."

"Zikomo bambo!" Anamenya bondo. "Chitsulo chikubwera kudzandithyola msana, iwe ukuodira! Nanga ndikanakhala patali, tsidya lina la bogi? Ukanandikoka ndi chiyani? Ku wekishopu kuja ulemu ndi kukuwa. Ukaona choopsa umakuwa kuti 'Chokani!' ngakhale akhale bwana wamkulu wavala tayi. Taima apo, ukuwe ndimve."

Ndinayang'ana bambo anga. Moyo wanga wonse ndinali ndisanakwezepo mawu iwo ali pomwepo. Anangogwedeza mutu kuti chita.

Ndinaimirira pabwalo. "Chokani," ndinatero.

"Ameneyo ndi mphaka wapempha mkaka. Bwereza."

Ndinatseka maso, ndinakoka mpweya mpaka m'mimba, n'kukuwa. Nkhuku zimene zinkatola nyenyeswa pansi pa khonde zinabalalika, galu wa nyumba yoyandikana anayamba kuuwa, ndipo mayi wina anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati kwalowa wakuba.

"Ayi, mayi, ndi injiniya akuphunzira," anayankha afolomani. Kenako anati kwa ine, "Mawa ukhala pamalo oyang'anira pamene tikukweza bogi. Ndikufuna a ku geti akamve."

Mapeyala analandira, koma akazi awo anatibwezera jumbo itadzaza mbatata. Pobwerera tinayenda wapansi mpaka ku depoti. Pakhosi panga pankawawa ngati ndameza mchenga. Titakhala mu minibasi, bambo anandiyang'ana kwa nthawi, ngati akuona mwana wa eni ake.

"Mawu onsewo unkawasunga kuti?" anafunsa.

Ndinati sindikudziwa. Iwo anapukusa mutu akumwetulira, n'kunena kuti mayi anga sakakhulupirira, koma ndisakayerekeze kukawaonetsa pafupi ndi zenera la abwana.