Chitupa cha Munthu Mmodzi

Mdzukulu wanga akamadandaula za viza, ndimakumbuka tsiku limene ine ndi amayi tinachoka ku Nkaya kupita ku boma kachitatu. Bambo ankagwira ntchito ku Halale, ndipo chitupa chowatsatira a boma anali atatimana kawiri.

Muofesimo munkanunkha inki ndi thukuta. Kalaliki anandiyang'ana.

"Mukapemphanso cha banja, mwina akumananinso. Cha sukulu chituluka, koma n'cha mwanayu yekha. Ndilembe chiti, mayi?"

Amayi anandifinya dzanja mpaka kuwawa.

"Iyayi, dikirani kaye," anatero. Kenako motsitsa mawu: "Lembani cha sukulu."

Poti ndinali mwana, sindinamvetse zimene kalaliki ananena. Panja ndinavina, n'kuwafunsa kuti m'sitima adzakhale pawindo ndani, ine kapena iwo.

Sindinadziwe kuti amayi anali atayamba kale kutsanzikana nane.