Galasi la ku Luwawa

M'mawa uliwonse, dzuwa likangofika pakhonde, a Zondwayo Shaba ankatulutsa bokosi lawo la malata. Ankayala chitenje chakale pathebulo n'kuyamba kundandalika magalasi a kamera, limodzilimodzi, onse kuloza kudzuwa. Analipo makumi awiri ndi atatu. Lililonse ankaliuzira mpweya, n'kulipukuta ndi kansalu kamene sikankagwira ntchito ina iliyonse pakhomopo. Ankati galasi likakhalitsa mumdima limamera chuku m'kati, ndipo chuku chikalowa sichituluka.

Kale anali wojambula zithunzi. M'zaka zimene zipani zinayamba kuchuluka, ankapalasa njinga kuchoka pa Mzimba boma mpaka ku Engutwini ndi ku Champhira, kamera ili pakhosi, kujambula maukwati, makwaya, ana obatizidwa. Filimu ankakatsukitsa ku Mzuzu, anthu n'kumadikira milungu iwiri kuti aone nkhope zawo. Kenako kunabwera mafoni. Anzawo a ntchito anaponya makamera pansi pa bedi, ena anapatsa ana kuti aziseweretsa. A Zondwayo anayamba kuyenda m'makomo mwa anzawowo kupempha magalasi okha.

Chimene ankafuna kwenikweni chinali kudziwa kwawo kwa galasi lililonse. Pamkombero pake pamakhala zilembo ndi manambala, ndipo iwo ankakopera zonse m'kope, galasi lililonse tsamba lake. Akadziwa dziko, ankalifufuza m'buku la mapu long'ambika chikuto n'kuikapo kadontho ka pensulo. Japan anali ndi madontho ambiri. Linalipo lina limene ankanyadira nalo chifukwa linapangidwa nthawi imene Jeremani anali awiri.

"Dziko lake linatha, koma ili likadalipo," ankatero pouza alendo.

Akazi awo, a Nyasoko, zimenezi sizinkawasangalatsa.

"Akazi anu aang'ono aothera dzuwa mokwanira?" ankafuula ali kukhitchini. "Ife akuluakulu tiyi wazizira kuno!"

"Awa sandiyankha mwano, Nyasoko."

"Ndiye akuphikireni!"

Zonsezi Modester ankazimva ali kuseri kwa khoma. Iye anali mtengwa pakhomopo, mtsikana wa ku Kasungu amene anakwatiwa ndi Yotam, mwana wawo. Yotam anapita ku Joni kukasaka ntchito, n'kumusiya ndi kamwana kokwawa, Taonga. Apongozi ake ankamutcha Nyamwale. Tsiku loyamba lenilenilo a Nyasoko anamuuza mwambo wa pakhomopo: mtengwa sayang'ana apongozi aamuna kumaso, salowa m'chipinda mwawo, sawayankha pamaso. Akakhala ndi mawu amauza apongozi aakazi, iwo ndiwo amakapereka. Modester anali wamanyazi kale, choncho mwambowu sunamuvute. Zaka ziwiri anazidziwa bwino nsapato za a Zondwayo ndi manja awo, koma nkhope ankangoiona chakumbali.

Tsiku lina mu Okutobala a Zondwayo anabwera kuchokera ku Luwawa ali wefuwefu, njinga yodzaza fumbi. Mayi wina wamasiye, amene mwamuna wake ankagwira ntchito m'nkhalango ya paini, anawapatsa galasi limene linakhala zaka zambiri pashelufu ya m'khitchini. Linali lakuda bii ndi mwaye.

"Nyasoko, ili ndi lachilendo chomene!" anatero akulimasula m'nyuzipepala. "Zilembo zake sindinazionepo. Pali china ngati N woyang'ana kumbuyo, china ngati kanyumba kopanda chitseko. Mawa ndilipukuta bwinobwino, ndikopere."

Koma m'mawa mwake kunabwera uthenga wa maliro ku Champhira. A Zondwayo ananyamuka mothamanga, galasi lija n'kulisiya pampando wa pakhonde.

Modester anali kuchapa. Atacheuka anapeza Taonga walimasula, waliviika m'mbale ya phala, akulinyambita. Analilanda, nathamangira nalo pathandala. Phala linali litalowa paliponse, litasakanizika ndi mwaye. Iye anachita chimene amayi ake anamuphunzitsa pa chiwiya chilichonse chakuda: sopo, phulusa pang'ono, ndi kawaya kokwechera mapoto. Anakwecha ndi mtima wonse. Atatsukuluza, galasi linali mbee, chitsulo chake chikung'anima. Koma pamkombero panali pakuda pokhapokha. Utoto woyera wa zilembo unali utapita ndi thovu. Ndipo atalikweza kudzuwa, anaona kuti pagalasi penipeni pachita timikwingwirima ngati pansi pa sefuliya.

Anapita nalo kwa a Nyasoko. Iwo analitembenuza kawiri, n'kuseka.

"Mbwenu layera. Likulungeni m'pepala lake, mulibwezere pampando."

"Amama, mukandipepesere kwa adada."

"Kupepesa chifukwa cha kabotolo? Khalani chete, Nyamwale. Ali nawo ambiri."

A Zondwayo anabwera patapita masiku atatu. Modester anagwada pakona pa khoma ndi beseni la madzi osamba m'manja, nkhope kumbali, ndipo anamva pepala likumasulidwa.

"Nyasoko, pali amene wagwira galasi ili?"

"Agwire ndani? Akazi anuwo timawaopa."

"Afunseni a Nyamwale."

A Nyasoko sanacheuke n'komwe. "Akuti sanagwire."

Modester anali pomwepo, mapazi atatu kuchokera pampandopo. Kuyankha kukanakhala kuswa mwambo, komanso kuwatsutsa a Nyasoko pamaso pa amuna awo. Anangoyang'ana madzi a m'beseni.

"Linali lakuda," a Zondwayo anatero motsitsa. "Linali ndi zilembo zoyera. Ndinaziona ndi maso angawa."

"Munabwera nalo chomwechi. Kodi mwayamba za adada anu?"

Mawu amenewo ndiwo anawononga zinthu. Bambo awo a Zondwayo anakalamba mutu utasokonekera, akuona anthu amene kulibe, akusochera pabwalo pawo pomwe. A Zondwayo ankaopa zimenezo kuposa imfa. A Nyasoko anangolankhula kuti nkhani ithe, koma amuna awo anazitenga n'kuzisunga.

Sizinasinthe tsiku limodzi. Poyamba Modester anaona kuti akakopera kanthu m'kope, ankafufuta n'kulembanso, kenako n'kufunsa akazi awo ngati pamenepa palidi nambala seveni. Kenako anasiya kupita patali ndi njinga, akuti angasochere. Tsiku lina anamva akudzifunsa okha mayina a ana awo, kuwerenga ndi zala. Mvula itayamba, bokosi la malata linasiya kutuluka. Ankangokhala pakhonde manja ali pamaondo, pathebulo popanda kanthu. Galasi la ku Luwawa anamuponyera Taonga.

"Seweretsa, mzukulu. Lilibe kwawo ili."

Kangapo konse Modester anawapempha a Nyasoko. Ulendo woyamba anakana moseka. Ulendo wachiwiri anakana mokalipa, ndipo Modester anaona kuti nawonso akuopa: kunena tsopano kukanakhala kuvomera kuti ananama. Anayesa kumuuza Yotam pafoni, koma iye anali kuthamangira basi, anangoti, "Za magalasi zomwezo? Asiye madala apume." Choncho Modester ankangowaphikira a Zondwayo tiyi wothira mkaka wambiri, kuwachapira malaya mosamala, kupukuta nsapato zimene sizinkapitanso kulikonse. Zonsezo sizinachotse kanthu pamtima pake. Akamva a Zondwayo akufunsa kuti lero ndi lachingati, ankasiya mbale yake n'kutuluka panja.

Mu Juni, kuzizira kwa ku Mzimba kutafika pachimake, a Zondwayo anagwidwa ndi chifuwa. Anagona kuchipatala sabata imodzi, nabwerako ataonda, osathanso kutuluka m'chipinda.

Masana ena Modester ankasefa ufa pamphasa. Taonga, amene tsopano ankayenda, anabwera n'kuponya galasi lija m'lichero. Modester analitola, nalipukuta ndi chala chachikulu mozungulira mkombero. Ndipo anaima. Pamene chala chinadutsa panatsala tizilembo toyera, tooneka bwinobwino. Zilembozo zinali zozokotedwa m'chitsulo, kawaya kanangochotsa utoto, ndipo ufa unali utalowa m'timaenjeto. N woyang'ana kumbuyo analipo. Kanyumba kopanda chitseko kanalipo.

A Nyasoko anali kumsika. Modester sanadikire. Anaimirira ndi ufa m'manja, nalowa m'nyumba, nakankha chitseko chimene sanachikhudzepo chifikire pakhomopo. Anagwada pafupi ndi bedi.

A Zondwayo anadzidzimuka, nakoka bulangeti. "A Nyamwale? Kwagwanji? Mwana ali bwino?"

"Adada, ndapota, ndikhululukireni. Ndalowa."

"Mwalowa kale. Lankhulani."

Anawapatsa galasi lija ndi manja awiri. Kenako ananena zonse, za phala, za sopo, za kawaya, za tsiku lija anagwada ndi beseni osayankha. Dzina la a Nyasoko sanalitchule. Mawu ankatuluka modukaduka, ndipo kwa nthawi yoyamba anawayang'ana kumaso. Anali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere kamene iye sankakadziwa.

A Zondwayo anapendeketsa galasi kuwindo. Milomo yawo inkayenda, chala chikutsata chilembo chilichonse.

"Ndiye kuti zinalipo," anatero. "Mutu wanga uli bwino."

"Uli bwino, adada."

Anawerenga ndi zala miyezi imene inadutsa chichokere Okutobala. Anafika pa chala chachisanu ndi chitatu n'kuima. Sanakalipe. Modester akanakonda akanakalipa.

"Tulutsani bokosi pansi pa bedipa."

Atatsegula, munatuluka fungo la chinyezi. A Zondwayo anakweza magalasi limodzilimodzi kuwindo. Asanu ndi awiri anali atamera chuku m'kati, timizere toyera ngati ukonde wa kangaude. La ku Jeremani lija linali m'gulu lomwelo. Analigwira nthawi yaitali, kenako analiika pambali.

"Munalekeza kalasi yanji?"

"Sitandade sikisi, adada."

"Zakwana. Tengani kope ndi pensulo. Musalembe zimene mukuganiza, jambulani zimene mukuona."

Modester anakhala pansi n'kukopera, chilembo ndi chilembo, manambala onse, ndi kachizindikiro kakang'ono kamene kanali pambali. A Zondwayo sakanathanso kugwira pensulo, koma maso awo anali akuthwa. Anamubweza kawiri.

"Iyayi, kamchirako kaloza uku. Mukufuna galasi langa likhale la dziko la eni?"

A Nyasoko anawapeza ali choncho. Anaima pakhomo ndi jumbo ya tomato, nayang'ana mtengwa wawo ali m'chipinda, nayang'ana galasi loyera ufa.

"Nyasoko," anatero a Zondwayo osakweza mutu, "za adada anga zija sizinandiyambe."

A Nyasoko anaika jumbo pansi. Anapita kukhitchini, ndipo Modester anawamva akumina kwa nthawi yaitali.

Tsamba lija Modester analijambula pafoni n'kumutumizira Yotam, kuti akafunse kusitolo yogulitsa makamera akale ku Joni. Yotam anati apita akapeza tsiku lopuma. A Zondwayo ankafunsa m'mawa ndi masana ngati wayankha, ndipo tsopano ankafunsa Modester mwiniwake, osadzera kwa munthu. Buku la mapu linkagona pambali pa pilo. Anakhala ndi moyo masiku ena khumi ndi limodzi okha. Yankho linafika maliro atatha: mwini sitolo anati zilembozo ndi za ku Rasha, za nthawi imene dzikolo linkatchedwa dzina lina. Modester analipeza pamapu, dziko lalikulu lodzaza masamba awiri, naikapo kadontho ka pensulo. Analira kuposa mmene analirira kumanda, chifukwa miyezi isanu ndi itatu ija ikanakwana kufunsa ndi kuyankhidwa kambirimbiri.

Mawu awo omaliza kwa iye a Zondwayo anawanena Lachitatu masana, tsiku loti mawa lake amwalira. Modester anabwera ndi phala, iwo anakana ndi dzanja. Dzuwa linali litalowa pawindo, likuwala pabokosi la malata.

"A Nyamwale, pansi pa tsamba lija musiyepo mpata. Yotam akayankha mulembepo, ndi pensulo."

"Ndilemba, adada."

"Yewo. Ndipo awa otsalawa muziwatulutsa padzuwa m'mawa uliwonse, angamere chuku." Anatsokomola, napuma, kenako pakamwa pawo panachita ngati kumwetulira. "Kansalu kali m'bokosimo. Koma ndapota, mwana wanga, sopo ayi."