Polishi pa Ng'oma ya Alamu

Ndine ndinawotchetsa ng'oma ya alamu anga. Kukomboni kwathu ku Kwekwe ena mpaka lero amati inali ntchito ya mfiti, ena amati anali oimba anzawo ansanje. Musawapatse ulemu wanga anthu amenewo. Ndinali ine, mwana wa Fomu 3, ndipo ndikakumbukira ndimasekabe mpaka nthiti kuwawa.

Alamuwo anali amuna a achemwali anga aakulu. Anabadwira pamgodi ngati ife tonse, bambo awo atachokera ku Malawi kudzakumba golide. Alamu nawonso analowako pansi, koma mgodi utayamba kuchotsa anthu anali oyamba kutuluka. Anasamukira kwathu ndi mkazi, majombo, ng'oma yosiya bambo awo, ndi nkhani yakuti tsopano ndi oimba.

Kuimbako kunali kwachilendo. Ankayamba ndi mawu a kwaya m'Chichewa, okoma ngati a pamaliro, n'kudumphira m'Chishona cha nyimbo zovinira za sungura, kenako n'kuyamba rapu, Chingerezi chothyokathyoka chikuthamanga, uku manja akuguguda ng'oma ili pakati pa miyendo. Achikulire ankati akunyoza nyimbo za Mulungu. Achinyamata ankati ndi mdala wovala kapu chakumbuyo. Koma ng'omayo ikalira, onsewo ankagwedeza mapewa. Izo sindikana.

Chinali chaka chija aphunzitsi anasiya kubwera kusukulu, m'masitolo muli mbee, magetsi akubwera ngati mlendo ngakhale siteshoni yamagetsi ya Munyati ili pafupi pomwepa. Alamu zinawakomera. Oimba magitala anakhala chete, koma ng'oma sifuna waya. Anayamba kuitanidwa kumabala ndi kumaukwati, n'kumabwerako ndi kabichi kapena kandowa ka chimanga. Atatchuka anandiika m'nyimbo: mlamu wanga wa makutu ngati zitseko za kombi. Atsikana a pampopi ankandiimbira ndikamadutsa. Nditadandaula anati, "Aaa mfana, chilamu chimenecho. Uzinyada, watchuka."

Chabwino, ndinatero mumtima. Chilamu tichite tonse.

Kenako kunamveka kuti Loweruka kukubwera bwana wina wa ku Harare, wokhala ndi situdiyo ya jenereta, kudzamvera alamu pabwalo la kubala. Akakondwa awatenga kukajambula. Alamu anauza achemwali pamaso pathu kuti zikakanika basi, alowa nawo m'maenje a makorokoza, anyamata okumba golide paokha aja, poti mimba ya achemwali inali itakula. Achemwali anangogwira pakamwa. Maenjewo ankakwirira anthu.

Ng'oma ili ndi mwambo wake. Pakati pa chikopa amamata phula lakuda kuti mawu alemere, ndipo asanaimbe amayatsa kamoto ka udzu, n'kuyandikiza chikopacho kumalawi, kuchitembenuza, kuchigogoda, mpaka chikungike. Phula lawo alamu ankasunga m'kachitini pawindo. Tsono amayi ankapanga polishi wapansi wogulitsa kumsika, makandulo osungunula, parafini ndi utoto wakuda. Nyumba yonse inkanunkha parafini, mphuno zathu zinali zitafa kale. Lachisanu masana onse atachoka ndinakanda polishi m'phula muja, n'kuwonjezera parafini. Nditatenga polishi wotsala ndinalowetsa mkono kunsi kwa ng'oma, n'kupaka mkati mwa chikopa mokhuthala bwino. Sayansi yokha ndi imene ndinkakhoza kusukulu.

Loweruka dzuwa lili pamutu bwalo linadzaza. Bwana wa ku Harare anakhala pakreti, magalasi akuda kumaso, kombi imene anabwera nayo ikumudikira pamsewu. Alamu anatulukira atavala malaya oyera ositidwa ndi achemwali. Anamata phula ndi chala chachikulu, n'kudandaula pang'ono kuti lafewa ndi kutentha. Anayatsa udzu. Anagwada, n'kupendeketsa ng'oma mwaulemu ngati akusambitsa khanda.

Phuu!

Lawi linatuluka kumaso kwa ng'oma, lina kunsi ngati chumuni. Munthu wanzeru akanaiponya. Alamu anayamba kuzimitsa ndi manja, kumenya chikopa choyaka ngati akuimba, polishi wosungunuka n'kuwamatirira m'zikhato. "Ng'oma ya bambo! Madzi! Anthuni madzi!" Madzi akachokera kuti, mipopi itauma chiyambire Lolemba? Woledzera wina anathirapo masese. Chikopa chinalira kamodzi, thuu, n'kung'ambika pakati. Bwalo lonse linanunkha mutu wa mbuzi wowaula.

"Mdala, mwawotcha nyama, nanga mchere uli kuti?" anakuwa wina.

Alamu sanagonje, ndipo apa ndi pamene ndinaseka mpaka kukhala pansi. Anaitanitsa ndowa yapulasitiki, n'kuipana m'miyendo. Atangoimenya anakuwa ngati galu wopondedwa mchira, khungu la m'manja litatsalira pandowa. Anayesa rapu yopanda ng'oma, manja ali m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi, mamina akutsika. Anatembenukira ku nyimbo ya kwaya ija, zidakwa n'kuyamba kulira mwachipongwe ngati pamaliro. Dalaivala wa kombi analiza hutala. Bwana uja anaimirira, n'kukutumula fumbi pathalauza.

"Mukachira mundiuze, mdala," anatero akupita. Sanasiye n'komwe pomupezera.

Manja anachira, koma zala ziwiri zinauma chopindika. Mwana asanabadwe alamu anali ali kale kumaenje, akukoka zidebe za miyala ndi zala zomwezo. Sanafereko, musadandaule. Masiku ano amaimba pamaliro pokha, kumbuyo kwa kwaya, manja ali m'thumba.

Kugwidwa kwanga sikunavute. Amayi anapeza chitini chawo cha polishi chili pakati, ine zikhadabo zili bii, ndipo alamu akabuula kuchipinda ndinkatsamwa ndi phwete. Achemwali anandilavulira kumaso.

"Iwe ndiwe Satana weniweni. Mwana amene ndanyamulayu adzadya chiyani?"

"Chilamu, achemwali," ndinayankha.

Bambo anatenga chidutswa cha lamba wa makina a pamgodi chimene ankasungira ntchito ngati imeneyi, n'kundigoneka pabenchi panja, komboni yonse ikuonerera pampanda. Ndinakuwa mokweza dala kuti aganize kuti zakwana, koma iwo analeka chifukwa cha njala, mkono utalefuka. M'mawa mwake anandikweza lole ya ku Lower Gweru, kwa amalume ogwira ntchito pafamu, ati ndikawete ng'ombe mpaka mutu uwongoke.

Kumeneko kunali mkaka wosasa, mbatata ndi maungu, pamene kwathu ankadya kamodzi patsiku. Mlungu woyamba ndinkadya choimirira chifukwa matako anali asanapole. Pobwerera ku Kwekwe, kabudula wasukulu anakana kukwera.