Nkhokwe Yopendekeka

Munthu amene anandibela ndi asibweni anga a Lameki, mlongo wao wa amama, ndipo chimene anandibela ndi kachithunzi kochepa ngati chikhadabo. Mpaka lelo ndikamva fungo la fumbi lotentha m'kompyuta yakale mtima umandipsa, ndipo a pa boma amandidziwa kuti ine kupsa sindichedwa.

Chinali chisanu cha chaka chimene amama anamwalila. Ndinachoka ku Mwase ndi kachikwama kamodzi, giledi seveni nditaisiyila pakati, n'kubwela ku Lundazi kudzakhala ndi asibweni. Anali ndi kashopu ka malata kuseli kwa msika, kokonzelamo mafoni ndi mawailesi. Mphepo inkalowa pansi pa chitseko itanyamula makoko a nsawa. Panja njinga zinkaliza mabelu, zitalemedwa ndi matumba a chimanga. Anzanga ndinalibe. Anyamata a pamsika ndinamenyana nao sabata yoyamba, chifukwa wina anaseka Chinyanja changa chosakaniza ndi Chitumbuka, ndiye anangondileka ngati galu woluma.

Pakona pa shopu panali kompyuta yamsana waukulu, yoyela koma itasanduka yachikasu, imene ofesi ina inataya. Masisitemu amakono inkawakana. Asibweni anaikamo sisitemu ina, yopangidwa ndi gulu la anthu a pa intaneti okonda makompyuta akale. Mawindo ake anali otuwa, amakonamakona, ndipo ikayaka inkalila kamodzi ngati mwanapiye. Anthuwo anali m'maiko osiyanasiyana, sanagwilanepo chanza, ndipo ankaimanga pang'onopang'ono akaweluka ku nchito zao. Wina ankakonza za mau, wina za mausi, wina nchito yake inali kusaka zolakwika basi.

"Amawalipila ndani?" ndinafunsa.

"Palibe, muphwa. Malipilo ake ndi dzina. Chilichonse chimene wapanga chimayenda ndi dzina lako."

Asibweni akakwela minibasi kukagula zipangizo ku Chipata, ndinkatsala ndekha. Malaiti akakhalapo ndinkatsegula kapulogilamu kojambulila. Tizithunzi ta m'sisitemu muja tinkajambulidwa kadontho kamodzikamodzi, mitundu yake yowelengeka, ndipo ukaphonya kadontho kamodzi chinthu chonse chinkaoneka chopusa. Mausi inali ija ya kampila kunsi. Ikayamba kuvuta ndinkachotsa kampilako n'kukapukuta pa kabudula. Zala zinkauma ndi chisanu, milomo n'kung'ambika. Malaiti akapita ndinkangokhala pompo, kudziyang'ana m'galasi lakuda la sikilini, kumvela amai ogulitsa vitumbuwa akunenana kuseli kwa malata.

Tikamatseka shopu asibweni ankandiwelengela zimene gulu lalembelana, akumasulila. Ndinayamba kuwadziwa anthu aja. Panali mdala wina wopuma pa nchito ya njanji, wokonda kukangana pa tinthu tachabechabe, ndi mai wina wa ku dziko la chipale chofewa amene ankaziziletsa mikanganoyo. Ndinkacheza nao mumtima ndikusesa. Ndinkati tsiku lina adzandifunsa kuti kwanuko kwacha bwanji, ndipo yankho ndinali nditalikonza kale.

Kenaka gulu linapempha kachithunzi katsopano kosonyeza malo osungila zinthu m'kompyuta. Ena anajambula kabati, ena bokosi. Ine ndinajambula nkhokwe ya amama. Inali yopendekeka kumanzele chifukwa chiswe chinadya mwendo umodzi, ndipo amama anaichilikiza ndi mwala, akumati adzaikonza akakolola. Ndinajambula kupendekekako, mwalawo, ndi udzu wothothoka pamwamba. Zinanditengela masiku. Asibweni anaiyang'ana nthawi yaitali, popeza naonso ankaidziwa nkhokweyo. Kenaka anati aitumiza ku gulu.

Ndinkafunsa m'mawa uliwonse. "Sanayankhe," ankatelo, maso ali m'foni ya kasitomala.

Loweluka lina masana asibweni anavala shati yoyela ya kuchalichi, n'kuimika foni yao pa wailesi yakufa. Gulu linali ndi msonkhano wa pavidiyo. Ine anandituma makala, osati a pamsika pompo ayi, koma a ku njila ya ku chipatala. Ndinathamanga kupita, n'kubwelela thumba lili pamutu, ndipo nditafika kuseli kwa shopu ndinamva mau a mzimai akutuluka m'foni. Anali mai uja wa ku dziko la chipale chofewa. Kanali koyamba kumva mau ao, ndipo anali ang'ono kuposa mmene ndinkawaganizila. Chizungu changa chinali cha giledi seveni, koma chinakwana. Ankayamikila nkhokwe. Ankatchula dzina la Lameki. Asibweni ankaseka kaseko kamene sindinakamvepo, akufotokoza mmene anavutikila pojambula.

Ndinasuzumila pa bowo la msomali. Nkhokwe inali pa sikilini ya kompyuta, itaima chilili ngati ya m'buku la kusukulu. Mwala panalibe. Mdala wa njanji, ndi mau ake okhuthala, anawathokoza asibweni chifukwa chomva malangizo ake n'kuiongola.

Ndinakhala pa thumba la makala mpaka msonkhano unatha. Palibe anafunsa za ine, ndipo akanafunsa bwanji munthu amene sankadziwa kuti alipo? Pafupi ndi phazi langa panali theka la njelwa, ndipo ndinaliyang'ana nthawi yaitali, ndikuganiza za sikilini ija.

Lelo ndimakonza mafoni pandekha pa siteshoni ya maminibasi, ndipo ndikudziwa mmene tsiku limatalikila pamene aliyense amangokuitana kuti iwe wamafoni. Asibweni anali atakhala m'gulu lija zaka osapanga kanthu kamene kanalandilidwa. Pa boma ponse panalibe wocheza naye za sisitemu ija, anthu ankangoti a Lameki amaseweletsa zinyalala. Tinali m'kashopu kamodzi, aliyense payekha, tikudikila anthu omwewo kuti atitchule dzina. Ndili mwana ndinkaona wakuba basi. Panopa ndimaona wakuba wosungulumwa, koma ngati zimenezo zimachepetsa kanthu, ine sindikudziwa. Tikakumana m'njila ndi moni wa Chitumbuka basi, monile, yewo, aliyense ulendo.

Tsiku lija njelwa ndinaisiya pansi. Ndinalowa, n'kugwetsa thumba pakati pa shopu, fumbi la makala mpaka pa shati yao yoyela. Foni inali ikadali pa wailesi, itazima.

"Wabwela msanga, Wezi," anatelo, osandiyang'ana.

Mau anga anatuluka osasa, koma anatuluka onse.

"Asibweni, bwezelani mwala wa amama, nkhokwe ija igwa. Ndipo yatsani foniyo muwauze anthu anuwo kuti m'shopu muno tilimo awili."