Miyezi Imene Ndinkayankha Dzina la Womwalira

Chipeso chija chinali chamtengo, chothyoka mano awiri, ndipo chinkanunkha mafuta a azitona.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Sukulu zitatsekera m'miyezi yotentha, amayi analibe wondisiyira ku International City, dera lomwe tinkakhala kudziko la Aarabu, ndiye ankanditenga pa basi kupita kunyumba yosamalira okalamba komwe ankagwira ntchito. Ana a antchito sankaloledwa kumeneko. Ankandibisa m'chipinda chochapira, kuseri kwa mabulangete. "Akakupeza, khalas, zathera pomwepo, atikweza ndege tonse kubwerera kwathu," ankatero. Lero ndimaona kuti amenewo sanali mawu ouza mwana, koma akanatani?

Tsiku lina ndinatuluka kukafuna chimbudzi. Dzanja lozizira, mafupa okhaokha, linandigwira pamkono. Anali gogo wina wachiarabu, ali pa njinga ya odwala. Anandikokera m'chipinda chake, nandikhazika pakati pa mawondo ake n'kuyamba kundipesa ndi chipeso chija, akunditchula dzina lachilendo. Tsitsi langa linkakana, iye ankangokoka. Sindinalire. Ndinkaopa kuti abwana amva.

Kenako pakhomo panaima bambo wamtali wovala mkanjo woyera, mwana wa gogoyo. Gogo atamuona anakuwa ngati waona wakuba, poti sankamuzindikiranso, nandikumbatira mpaka kundibanikitsa. Amayi anabwera akuthamanga, manja ali ndi thovu la sopo.

"Mwana uyu ndi wa ndani?" anafunsa bamboyo m'Chingerezi.

"Ndi wanga, bwana. Chonde, musakanene ku ofesi."

Ndinali ndisanawaonepo amayi akuchonderera munthu.

Bamboyo anati dzina lija linali la mlongo wake amene anamwalira ali wamng'ono. "Muzibwera naye Lachisanu lililonse. Za ku ofesi ndikalankhula ine."

Choncho Lachisanu lililonse amayi ankandikankhira m'chipinda chija. "Akakuitana, uziyankha," ankandinong'oneza. Ndinkayankha, kwinaku ndikuopa kuti mwini dzinalo abwera kudzalilanda. Ine ndikakhala pamenepo gogo sankakuwanso, ndipo bamboyo ankatha kukhala pampando wapakona mpaka nthawi yoona odwala itatha. Ankangotiyang'ana.

Sukulu zitatsegulira sindinapitekonso, ndipo amayi sanachotsedwe ntchito.

Miyezi yonseyo ndinkaganiza kuti bamboyo akundilondera, kuti ndikalakwitsa pang'ono akatineneze. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu chotero, wa imvi m'ndevu, angakhale pakona maola awiri akudikira kuti mayi ake amufunse ngati wadya.