Mpweya uja sunathe, Rozina

Rozina mwana wanga, ndine mayi ako. Akundilembera ndi achimwene ako, poti ine sukulu ndinalekera panjira. Dzulo pochokera ku Misa kwa Guilleme ndinakwera kabaza ya Yohane, mwana wa Esinati wa ku esiteti ya fodya uja, ndipo ndinakukumbuka njira yonse. Chaka chija matipate atangoyamba, ndine ndinaperekeza Esinati kuchipatala kumene unali namwino, poti abale ake anali kutali ku Mulanje. Mimba inali ya miyezi isanu ndi iwiri basi. Mwana anabadwa wokwana m'manja mwangamu, ali zii, osalira. Ine ndinamasula chitenje kuti timukulunge, tikamuike mwakachetechete azimayi okhaokha, monga timachitira ndi mtayo. Iwe unati, "Amayi, valani chitenje chanucho, lero kulibe ulendo wa kumanda." Unamupukuta, unamuvundikira kachipangizo pamphuno ndi pakamwa, n'kumafinya kathumba ka mpweya pang'onopang'ono. Ndinakuuza kawiri konse kuti ukuvutitsa mzimu, iwe n'kumangofinyabe. Kenaka kachifuwa kaja kanayamba kukwera kokha, tinangomva kakulira ngati kamwana ka mphaka.

Unatisiya msanga, Rozina, ndipo ndinalira mokwanira. Koma mtima wanga uli m'malo. Yohane pano ndi bambo wa ana atatu. Dzulo anapalasa chitunda chonse chija ine ndili kumbuyo, kwinaku akuimba nyimbo ya kwaya, osachita wefuwefu. Gona bwino, mwana wanga. Mpweya unamupopera uja mpaka lero sunathe.